Bowa wa pa chipika chowola: kusiyanitsa morel weniweni ndi wabodza

Amene mwakhala kumbuyoko sendezani mikeka kuno, chifukwa zithunzi zimene ndabweretsa lero n'zazing'ono ndipo ndikufuna aliyense azigwire m'manja mwake.

Mvula yayamba, ndipo m'masabata akubwerawa ana athu azilawirira kuthengo ndi timabeseni. M'mphepete mwa msewu mudzadzaza mbale za ndelema ndi manyame. Choncho lero chimanga tichisiye kaye chizikula, tikambe za bowa. Bowa amene tikambirane kwawo n'kutali, kumaiko ozizira a ku Ulaya, ku North America ndi kumapiri a ku Asia. Ndikudziwa kuti wina mumtima akuti, nanga tikutayiranji nthawi ndi bowa wa eni ake? Chifukwa chake n'chakuti bowa wakwathu tinamuzolowera kwambiri moti sitimuyang'ananso bwino. Tikamuona timangoti ndi uja, n'kuponya m'dengu. Wachilendo amatikakamiza kuunika mbali iliyonse, monga timachitira tikapeza kachirombo katsopano pa tsamba la chimanga: timakagwira, timakatembenuza, timakajambula, kenako timakambirana ngati ndi mdani kapena bwenzi la mlimi. Ndiponso banja la bowa ameneyu linapusitsa anthu ophunzira kwambiri, mpaka mmodzi mwa abale ake anamulemba m'mabuku ndi dzina lotanthauza kuti "wodyedwa", chikhalirecho amapha anthu.

Tiyambe ndi weniweni, popeza wabodza simungamuzindikire musanadziwe amene akufanana naye. Chithunzi choyamba ndi cha bowa amene Angelezi amamutcha morel, pamene akatswiri amati Morchella. Kumeneko ndi ndiwo yapamwamba, yodula kuposa nyama. Ku India, kumapiri a Himalaya, amamutcha gucchi, ndipo mabanja a m'midzi amapeza ndalama pomuzula, kumuyanika ndi kumugulitsa kwa amalonda a m'mizinda. Amamera cha m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, nyengo yozizira ikangotha, ndipo mitundu ina imachuluka pamalo pamene nkhalango inapsa chaka chathacho. Taonani mutu wake. Sunatambasuke ngati ambulera monga wa ndelema. Waima ngati chitsononkho, ndipo ponseponse pali timaenje ngati chisa cha njuchi. Mawu oti timaenje amenewa muwasunge, tiwafunanso.

Paliponse pamene pali chinthu chodula, anthu amachifuna ndi maso adyera, ndipo diso ladyera limaona chimene likufuna. M'nkhalango zomwezo mumamera bowa wina wofiirira, wamakwinya, amene patali amaoneka ngati morel. Angelezi amamutcha false morel, kutanthauza morel wabodza. Ndi banja la mitundu ingapo, ndipo akatswiri amalitcha Gyromitra. Ife tiona awiri.

Wa pa chithunzi chachiwiri ndiye mwini nkhani yathu. Dzina lake ndi Gyromitra infula. Katswiri wina wa ku Germany, Jacob Christian Schäffer, ndiye anayamba kumulemba m'buku mu 1774, ndipo dzina limene ndatchulali anamupatsa ndi katswiri wa ku France, Lucien Quélet, mu 1886. Infula ndi mawu a Chilatini, dzina la nsalu yaubweya imene ansembe a ku Roma wakale ankamanga kumutu. Mukayang'ana chithunzicho muona chifukwa chake: mutu wa bowayu uli ngati duku lomangidwa mosiya nsonga ziwiri m'mwamba. Wa pa chithunzi chachitatu ndi mbale wake, Gyromitra esculenta, uja ndanena kuti dzina lake limati wodyedwa.

Tsopano tiyerekeze kuti tili m'nkhalango ya kumeneko ndipo taona bowa wofiirira. Tisanamukhudze, funso loyamba n'lakuti wamera pati. Ambiri funso limeneli timalilumpha, koma ndi limene limaulula zambiri, chifukwa pamene bowa wamera pamatiuza chimene amadya. Chimene timazula ife ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera tobisika, tonga timene mumaona mukafukula mulu wa manyowa kapena mukatembenuza mapesi ophimbira m'munda. Timaulusi ta manyame ndi ndelema timakulunga mizu ya mitengo yamoyo monga misuku ndi mombo. Mtengo umapatsa bowa chakudya, bowa n'kumathandiza mtengo kupeza madzi ndi mchere wa m'nthaka. N'chifukwa chake mukagwetsa mitengo ija n'kuotcha makala, manyame nawonso amasowa pamalopo, ndipo palibe amene amalima manyame m'nyumba. Utale ndi manda ali ndi njira yawo: amalimidwa ndi chiswe pansi pa nthaka, motero mumawapeza pa chulu kapena pafupi nacho. Gulu lachitatu ndi la bowa wodya zakufa, amene ntchito yake ndi kuwoletsa zipika, zitsa ndi masamba kuti zibwerere kudothi.

Gyromitra infula ali m'gulu lachitatuli. Mumamupeza pa chipika chogwa kalekale, chowola moti mukachiponda chimaphwanyika ngati mkate, kawirikawiri chophimbidwa ndi ndere zobiriwira. Amakonda zipika za paini ndi mitengo ina ya masamba onga singano, ngakhale amameranso pa mitengo ina. Nthawi zina amaoneka ngati wamera padothi, m'mbali mwa kanjira, koma mukakumba pang'ono ndi kamtengo mupeza kuti pansi pali chikuni chokwiririka. Choncho osangoyang'ana pamwamba. Morel weniweni amatuluka m'nthaka. Munthu akakuuzani kuti wapeza morel atakhala pamwamba pa chipika chowola, yambani kukayika pomwepo.

Koma ndikuchenjezeni, musachoke pano mukunena kuti alangizi ati bowa aliyense wa pa chikuni ngwakupha. Bowa wa oyisitala amene magulu ena amalima m'timatumba ta mapesi ndi zitsononkho, kuthengo amamera pa mitengo yakufa, ndipo ngwabwino. Malo amene bowa wamera ndi mboni imodzi yokha. Pabwalo la amfumu mlandu sagamula atamva mboni imodzi.

Mboni yachiwiri ndi nyengo. Gyromitra infula amamera kumapeto a chilimwe cha kumeneko mpaka masamba akamayoyoka, cha mu Sepitembala ndi Okutobala. Morel, tanena kale, ngwa Epulo ndi Meyi. Awiriwa sakumana kawirikawiri. Msampha uli pa wachitatu uja, esculenta. Iye amatuluka chipale chofewa chikangosungunuka, nyengo imodzimodzi ndi morel, m'dothi lamchenga pansi pa paini, makamaka pamene anthu anadulapo mitengo ndi kusiya zitsa zikuwola. Ndiye munthu wa dengu amawapeza onse tsiku limodzi. Ifenso nyengo timaidziwa: pali bowa wa mvula yoyamba, pali wina wodikira nthaka ikhute. Bowa amene watuluka nthawi imene si yake, muyang'aneni kawiri.

Tsopano tifike pa mutu wake, kapena tinene chipewa. Chipewa cha infula chili ngati chishalo cha njinga chimene chapindika pakati: mbali ziwiri zakwera m'mwamba ngati nyanga, pakati palowa. Nthawi zina nyangazo zimakhala zitatu kapena zinayi. Wamkulu amafika msinkhu wa chikhatho cha munthu. Mtundu wake ndi wofiirira ngati tsamba la fodya wa bale louma bwino, ndipo akamakalamba amadera. Pamwamba pake mwina n'posalala, mwina pali makwinya ngati nsalu yosasita, koma timaenje tija ta chisa cha njuchi palibe. Chipewa cha esculenta n'chopindikapindika kwambiri. Amene munaphapo mbuzi n'kutsegula mutu, ubongo uja ndiwo maonekedwe ake enieni, kungoti iye ngwofiira moderako. Apa mawu oti mugwire ndi awiri: morel ali ndi maenje olowa m'kati, wabodza ali ndi makwinya otukuka kunja.

Mukatembenuza chipewacho, kunsi kulibe timizere tija timene timaona kunsi kwa ndelema kapena utale. N'koyererako, kosalala. Bowa wa banja limeneli mbewu zake, zija zonga fumbi losaoneka ndi maso, zimatulukira pa khungu la pamwamba. M'mphepete mwa chipewa mumapindikira m'kati n'kumata pa tsinde malo ena, malo ena n'kulekeka, ngati malaya omangidwa mabatani molumphalumpha. Chipewa cha morel wamba chimalumikizana ndi tsinde mozungulira monse, ngati thupi limodzi.

Tsinde la infula n'lalifupi, masentimita awiri mpaka asanu ndi limodzi kapena kuposa pang'ono, loyererako kapena lofiirira pang'ono, ndipo n'losalala. Nyengo yomweyo kumamera wina wa chipewa cha chishalo, wotchedwa Helvella lacunosa, koma iye chipewa chake n'chotuwa mpaka kuda, ndipo tsinde lake lili ndi mizere yakuya ndi mabowo ngati mtengo wa kachere wopotana mizu.

Mboni yomaliza imafuna mpeni. Bowayo mumudule pakati kuyambira kunsonga mpaka kumunsi, monga timang'ambira nkhaka. Morel weniweni m'kati mwake ndi mphako imodzi yoyera bwino, yochokera kunsonga kwa chipewa mpaka pansi pa tsinde, ngati chikho chochotsedwa njere. Wabodza m'kati mwake muli timazipinda, mapindo, ndipo nthawi zina tinthu tonga thonje. Tsinde la infula likhoza kukhala lamphako, koma chipewa chake chimangokhala ngati nsalu yopindidwa yoikidwa pamwamba, sichipanga chipinda chimodzi ndi tsindelo. Ozula morel odziwa ntchito yawo amadula aliyense payekha asanamuike mumphika, ngakhale atazula dengu lodzaza. Ndi ntchito yotopetsa, koma amaichita.

Ngakhale mboni zisanu zonsezi zitagwirizana, pali wina wotchedwa Gyromitra ambigua, amenenso amamera pa mitengo yowola ndipo amafanana kwambiri ndi infula, kungoti amaonetsako mtundu wa pepo. Kuti atsimikize, akatswiri amayeza kukula kwa mbewu zake pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mabuku a bowa onse awiri amawaika m'gulu la osadyedwa. Ine chimene chimandisangalatsa apa n'chakuti munthu wa makina ndi mabuku amafika pena n'kunena kuti ndi maso okha sindingathe. Ife timachita manyazi kunena mawu amenewa pamaso pa anzathu kuthengo.

Tikambe za poizoni. Amene anafufuzidwa kwambiri ndi wa esculenta. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri awiri a ku Germany, List ndi Luft, anapeza mankhwala ake n'kuwatcha gyromitrin. Mankhwalawa akalowa m'mimba amasanduka ena otchedwa monomethylhydrazine. Dzinalo musavutike nalo. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala omwewo anthu amawapanga m'mafakitale kuti akhale mafuta oyendetsera zombo zopita mumlengalenga. M'thupi la munthu amawononga chiwindi, nthawi zina amaswa maselo ofiira a magazi ndi kuvulaza impso, ndiponso amalepheretsa vitamini B6 kugwira ntchito yake mu ubongo, moti wodwala akhoza kugwa ndi kuphupha ngati wakhunyu. N'chifukwa chake kuchipatala wodwala wotere akayamba kuphupha amamubaya vitamini yemweyo.

Choopsa kwambiri ndi kuchedwa kwake. Munthu amadya chakudya chamadzulo, n'kucheza, n'kukagona bwinobwino. Pakapita maola 6 mpaka 12, nthawi zina kuposa apo, m'pamene amayamba kumva m'mimba kudzaza, nseru, kusanza, kutsegula m'mimba, mutu ndi chizungulire. Ambiri amachira pakapita masiku angapo. Ena maso amasanduka achikasu, mkodzo umada, amakomoka, ndipo imfa imabwera patatha masiku asanu kapena sabata. Pofika nthawi imeneyo wina m'banjamo wayamba kale kuloza chala mnansi, poti ndani angaganizire ndiwo ya Lolemba pa maliro a Lamlungu?

Nanga bwanji anamutcha wodyedwa? Chifukwa anthu ambiri amamudya osafa. Kuchuluka kwa poizoni kumasiyana malinga ndi dera limene bowayo wamera, matupi a anthu amasiyana polimbana naye, ndipo malire a pakati pa mlingo umene munthu sakumva kanthu ndi mlingo umene umamugwetsa ndi aafupi kwambiri. Anthu odyera mbale imodzi, wina amadzuka wamphamvu, wina n'kugonekedwa m'chipatala. Munthu akhoza kudya zaka zambiri popanda vuto, chaka china n'kudwala. Amene amadya masiku otsatizana ali pa ngozi yaikulu, chifukwa thupi limakhala lisanamalize kuchotsa wa dzulo. Ana, poti matupi awo ngaang'ono, ndiwo amavulala msanga.

Ku Finland bowa ameneyu amamukonda mpaka lero. Amamutcha korvasieni, bowa wa khutu, ndipo amagulitsidwa pamsika, koma lamulo limafuna kuti wogulitsa achenjeze wogula ndi kumupatsa malangizo a kakonzedwe kake. Amamuwiritsa m'madzi ambiri, magawo atatu a madzi pa gawo limodzi la bowa, kwa mphindi zosachepera zisanu, n'kutaya madziwo, n'kumutsuka, n'kubwerezanso zonsezo kachiwiri. Mawindo amatsegula, chifukwa poizoniyo amauluka ndi nthunzi madzi asanafike n'powira pomwe, ndipo wophika akhoza kudwala asanalawe n'komwe. Ku Spain boma linaletsa kumugulitsa. Maiko awiri a ku Ulaya komweko, bowa mmodzi, zigamulo ziwiri.

Zimenezi kwa ife si zachilendo. Kalongonda timamuphika tsiku lonse tikutaya madzi. Chinangwa chowawa timachiviika masiku angapo tisanachiyanike n'kusinja ufa wa kondowole. Makolo anapeza njira yochotsera ululu, ndipo njirayo imagwira ntchito ikatsatidwa yonse. Ikafupikitsidwa, zimene zimachitika tinaziona kwa anansi athu ku Mozambique. Mu 1981, m'chigawo cha Nampula, kunali chilala, anthu ankadya chinangwa chowawa chosakonzedwa mokwanira, ndipo oposa 1,000, ambiri amayi ndi ana, anauma miyendo ndi matenda amene masiku ano amatchedwa konzo. Njala ndi changu ndi zimene zimafupikitsa njira. Bowa naye amabwera m'miyezi imene nkhokwe zapepuka, pamene mayi safuna kutaya ngakhale kamodzi mwa timene mwana wabwera nato.

Ndipo ngakhale kuwiritsa kawiri kuja sikuchotsa poizoni yense, kumangomuchepetsa. M'mudzi wina waung'ono wa kumapiri a Alps ku France, wotchedwa Montchavin, madokotala anadabwa kupeza anthu 14 odwala matenda osowa kwambiri opuwalitsa minofu, otchedwa ALS. Anafufuza madzi, nthaka ndi nyumba osapeza kanthu. Chimene anapeza chofanana mwa odwalawo n'chakuti ankadya bowa wakuthengo, makamaka morel wabodza, ndipo mu 2021 analemba kuti bowayo ndiye akumuganizira kwambiri.

Ngakhale morel weniweni sadyedwa wamuwisi. Mu 2023, mumzinda wa Bozeman ku Montana, m'dziko la America, anthu 51 anadwala ndipo awiri anamwalira atadya pa lesitilanti ina imene inkaika morel wosaphika kapena wosapsa bwino m'chakudya.

Tsopano titenge njira zimene timamva kumudzi zoyesera bowa, tiziyese pa morel wabodza, tione ngati zipirire. Ena amati bowa akadyedwa ndi mphutsi kapena nkhono ndiye kuti ngwabwino. Nkhono ilibe chiwindi chonga chathu, ndipo tizilombo timadya bowa woopsa kwambiri popanda vuto. Ena amati woipa amawawa kapena amanunkha. Esculenta amanunkhira bwino ndipo amakoma, n'chifukwa chake a ku Finland amavutika naye choncho. Ena amati yambani mwapatsa galu kapena mphaka. Mudikira maola angati? Galuyo akhala akugwedeza mchira mpaka inu mutamaliza kudya n'kutsuka mbale. Ena amati ikani supuni mumphika, ikada ndiye kuti muli poizoni. Supuni siidziwa kanthu za chiwindi. Ndipo pali mawu aja amene amatseka pakamwa aliyense: "Ine ndinadyapo, si ndili pano?" Mawu amenewa ndi amene anapatsa esculenta dzina lake.

Njira yoopsa kuposa zonse ndi yoganiza kuti moto umapha poizoni aliyense. Ndakuuzani za ku Finland kuti muone mmene poizoni mmodzi amachitira, osati kuti mukayesere pa bowa wokayikitsa wa kuno. Pali bowa wina wotchedwa Amanita phalloides, amene wapha anthu ambiri padziko lonse kuposa bowa wina aliyense. Poizoni wake sachoka ndi kuwiritsa, kukazinga, kuyanika kapena kuthira mchere. Theka la chipewa chimodzi likhoza kupha munthu wamkulu. Ndi wa banja limodzi ndi ndelema wathu: ali ndi timizere toyera kunsi, mphete pa tsinde ndi kathumba kumunsi kwa tsinde, koma chipewa chake chimaonetsako kubiriwira kotuwa, ndipo nthawi zina chimayera ndithu. Nayenso amachedwa maola 6 mpaka 24. Munthu amasanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri, kenako tsiku lotsatira amamva bwino n'kuganiza kuti zatha, pamene chiwindi chikufa mwakachetechete.

Kwawo kwa Amanita phalloides ndi ku Ulaya, koma anawoloka nyanja pa mizu ya mitengo imene anthu anapita nayo kukabzala kwina. Lero ali ku California, ku Australia ndi ku South Africa. Ku California ndi ku Australia anthu ambiri amene wawavulaza ndi obwera kuchokera ku Asia, amene anamuona ngati bowa wa kwawo womera pa mapesi a mpunga. Anali odziwa bowa ndithu, koma bowa wa nkhalango ina. Amene muli ndi ana ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain, mukamalankhula nawo pa foni muwauze kuti maso amene anaphunzira nawo kuzula bowa kuno asawakhulupirire kumeneko.

Mfundo yomweyo ikutikhudza ngakhale sitinakwere basi. Paini amene wadzaza ku Chikangawa, pa phiri la Zomba ndi ku Dedza si mtengo wa makolo athu. Wofala kwambiri, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Paini sakula bwino popanda bowa wake wa pa mizu, choncho kumene wabzalidwa kumamera mitundu ya bowa imene m'nkhalango ya mombo ndi misuku mulibe. Chimodzimodzinso bulugama, amene anachokera ku Australia. Agogo anga aakazi ankadziwa bowa wa m'phiri la kwathu mmodzimmodzi, dzina lake, mtengo umene amakonda ndi sabata imene amatuluka. Amene sankamudziwa ankangoti "chirombo icho, chisiye," osachita manyazi. Nzeru imeneyo ndi yozama ndipo ndi imene yatisunga, koma inaphunziridwa pansi pa mitengo yachilengedwe. Mukalowa m'munda wa paini kapena wa bulugama, kapena mukaona bowa pa chitsa ndi pa mulu wa utuchi wa macheka, dzitengeni ngati mlendo.

Ndinene za tsiku limene zinthu zalakwika, chifukwa limafika. Munthu akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa, funso loyamba likhale lakuti anadya nthawi yanji. Zizindikiro zikayamba patapita maola 6 kapena kuposa, ngozi ndi yaikulu kuposa zikayamba msanga, ngakhale kuti zoyamba msangazo nazonso n'zofunika chipatala, makamaka ngati mumphika munali mitundu yosakaniza. Musadikire kuti kuche. Onse amene anadya apite, ngakhale amene akumva bwino, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale patsogolo. Tengani bowa wotsala, wophika ndi wosaphika, ngakhale zodula zimene munataya kudzala, muzikulunge m'pepala. Ngati wina ali ndi foni yojambula, ajambule. M'njira wodwala amene ali maso azimwa madzi a Thanzi pang'onopang'ono. Mkaka, mafuta ophikira ndi mankhwala azitsamba sizichotsa poizoni wa mtundu umenewu, zimangodya nthawi. Mukafika muwauze adokotala mosabisa kuti munadya bowa, nthawi yake ndi kumene anazulidwa, chifukwa kusanza ndi kutsegula m'mimba m'nyengo ya mvula aliyense amayamba kuganizira kolera kapena malungo. Wodwala akamva bwino tsiku lachiwiri, musathamangire kupempha kuti atuluke.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Gulu lililonse, m'magulu athu aja oyendera munda, lipeze mitundu itatu ya bowa: mmodzi womera pansi pa mitengo yachilengedwe, mmodzi wa pa chulu, ndi mmodzi wa pa chitsa kapena chipika chowola. Musamuthyole pakati pa tsinde. Mukumbe ndi kamtengo kuti atuluke yense ndi kumunsi kwake, chifukwa kathumba kaja ka banja la Amanita kamatsalira m'dothi. Wa pa chikuni mubwere naye ndi kachidutswa ka chikunicho. Aliyense akhale m'pepala lakelake, osati m'jumbo, poti m'jumbo amafulumira kuwola, ndipo asayandikire dengu la ndiwo kapena pamene ana akusewera. Kulawa ayi. Mukamaliza musambe m'manja.

Pa pepala lalikulu mujambule bowa aliyense kawiri, wathunthu ndi wodulidwa pakati, ndipo pansi pake muyankhe mafunso asanu aja: wamera pati ndipo pafupi pali mtengo wanji, nyengo yanji, chipewa chake n'chotani pamwamba ndi kunsi, tsinde lake n'lotani mpaka kumunsi, ndipo m'kati mwake muli chiyani. Gulu lililonse liitane mayi mmodzi wachikulire wodziwa bowa kuti adzakhale nafe sabata yamawa, adzatiuze maina ndi zimene iye amayang'ana, ife tidzalembe. Pamene amayiwo adzasiyane maganizo pa bowa mmodzi, pepala limenelo tidzalipachika padera. Zithunzi zitatu zija zibwerere kuno kutsogolo, gulu la mawa likuzifunanso.